Funsani Anesi: ndinabooletsa kumaliseche nde bala likundivuta

Mwezi uno makalata a nkhani imodzimodzi andipeza angapo ndipo pafupifupi onse akuyamba ndi mawu oti chonde musanditchule dzina. Sinditchula munthu, mitima ikhale m'malo. Nkhani yake ndi ya ndolo za kumaliseche zija anthu ayamba kubooletsa masiku ano, makamaka abale athu amene ali ku Joni, ku Cape Town ndi ku UK. Kuboola thupi si kwachilendo kwathu kuno, agogo athu ena anali ndi chipini pamphuno, ena mphini, makutu nde timaboola ana akadali kumsana, koma kuboola kumusi kuja nkwatsopano ndipo munthu zikamuvuta amasowa kolowera, kwa anankungwi sangapite, kwa mayi ake sangayerekeze, kuchipatala manyazi. Ine sindili pano kuti ndiweruze ngati munalakwa kapena ayi, bala likakhalapo liyenera kusamalidwa basi. Ndikuyankha anthu akuluakulu opitirira zaka 18, mwana sabooledwa malo amenewa olo atalira bwanji, moti ku Wales kuyambira 2018 ndi mlandu ndithu kuboola mwana malo obisika.

Anesi,
Ndine mnyamata wa zaka 27, ndimakhala ku Johannesburg ndimagwira ya umakaniko. Loweruka lapitali ndinakabooletsa ija amati Prince Albert pa situdiyo ina m'tauni, singano inali yatsopano ndinaona ndekha akuitulutsa mu pepala lake. Nde vuto ndi loti lero ndi tsiku lachinayi koma magazi akumatulukabe makamaka m'mawa ndikamadzuka ndimapeza kabudula wamkati wathimbirira, pokodza zikumandiwawa ngati andithira tsabola komanso mkodzo ukumatuluka mbali ziwiri mpaka kunyowetsa thalauzi. Mnzanga amene ndimakhala naye anandiuza kuti ndizithira spiriti kenako ndizitsegula kapisozi wa amoxicillin nkuwaza ufa wake pabalapo, ndapanga kawiri koma ululu wake ndinatsala pang'ono kukomoka. Ndikumamwa Grand-Pa, ufa uja wochepetsa ululu, kuti ndigoneko. China ine sindinadulidwe nde khungu likumakola pa ringi. Kodi ndingoichotsa? Kuchipatala ndikuopa mapepala anga sali bwino.
Wodandaula, Johannesburg

Achimwene, zinthu zitatu musiye lero lomwe, spiriti, ufa wa kapisozi ndi Grand-Pa. Ndiyambe ndi Grand-Pa chifukwa mwina ndi amene akuchititsa kuti magaziwo asaleke, mu ufa umenewuja muli aspirin ndipo aspirin amachedwetsa magazi kuundana, nde mukamamwa kawiri katatu patsiku muli ndi bala pamalo a mitsempha yambiri ngati amenewo azingochucha basi. Imwani Panado mmene alembera pa paketi, mowa nawo muyambe mwaupumira kaye masiku angapo chifukwa nawonso umawonjezera kukha magazi.

Koma olo mukanapanda kumwa zimenezo, Prince Albert imatulutsa magazi ndithu masiku oyambirira, awiri atatu, ena kupitirirako pang'ono. Singano ija imalowa m'njira ya mkodzo nkukatulukira kunsi kwa mutu wa chida, ndipo za m'mawazo chifukwa chake nchakuti mwamuna aliyense usiku chida chimadzuka chokha kangapo iye ali mtulo, chikadzuka bala limakokeka nkutsegukanso pang'ono. Gulani gauze, kansalu koyera kophimbira mabala, ku famase, pogona kulungani momasuka, osamanga ndi mphira kapena ulusi ayi, nkuvala kabudula wamkati wa kotoni wogwira bwino kuti ringi isamagwedezeke. Magazi akayamba sambani m'manja, panikizani ndi gauze woyera kwa mphindi 10 osasuzumira pakati. Akakana kuleka, akamadontha mosalekeza, kapena mukaona mibulu ya magazi oundana ikutseka mkodzo, apo nde osadikira kuti kuche, kuchipatala.

Tsopano za spiriti. Chizolowezi chathu chija chothira spiriti, Dettol, jivi, ena mpaka mankhwala otsukira mano pabala chimandiwawa mtima kwambiri, chifukwa anthu amaganiza kuti chikawawa nde kuti chikugwira ntchito. Bowo la ndolo silipola ngati bala la khasu limene limangouma nkuchita nkhanambo. Thupi limayenera kumanga kanjira ka khungu latsopano mkati mwa bowomo kuzungulira chitsulocho, kakhungu kake kofewa kwambiri, nde spiriti ikafika imapha tizilombo inde koma imaotchanso kakhungu kameneka, mawa thupi liyambirenso, mkuja mwathiranso, mpaka liti. Ufa wa kapisozi anaupanga kuti ukasungunuke m'mimba, pabala umangoumbika nkutseka bowo, ndiponso kuseweretsa maantibayotiki chonchi nkumene kukuchititsa kuti tizilombo tisiye kumva mankhwala.

Chimene mukufunika nchimodzi chokha, saline wotsukira mabala wa 0.9%, amene ndi chimodzimodzi madzi a dripu aja. Ku Clicks, ku Dis-Chem kapena famase iliyonse mumupeza, bola musatenge uja wotsukira magalasi ovala m'maso chifukwa amathiramo zina. Muzitsuka kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, kuthira kapena kuviika kamphindi pang'ono kuti zouma zija zifewe zichoke zokha, kenako kupukuta mosakhula ndi gauze kapena pepala loyera la tishu lolimba, osati thaulo losambira limene lakhala pachingwe sabata yonse. Mukasowa ndalama wiritsani madzi, azizire, mu kapu ya 250 ml muike mchere kota ya kasupuni ka tiyi, osapitirira apo, ndipo muzipanga atsopano tsiku lililonse. Ambiri amalakwitsa pomwepa, amathira mchere ngati akusunga nsomba, khungu nkuuma nkung'ambika. Ringi musamaizungulitse ikadali youma, mukatero mukukokera nkhanambo mkati mwa bala.

Kuwawa pokodza kuchepa pakatha masiku angapo, muzimwa madzi ambiri kuti mkodzo usakhale wokhathamira, ndipo ena zimawathandiza kuthira madzi oyera ofunda pamalopo pamene akukodza. Koma za mkodzo kutuluka mbali ziwiri ndisakunamizeni, mabowo tsopano alipo awiri ndipo mkodzo umatsatira chitsulo, amuna ambiri a Prince Albert amakhala nazo choncho nthawi yonse imene ringi ilipo, ena amangozolowera kukodza chokhala. Poti ntchito yanu ndi ya ma oilo ndi girisi, muzisamba m'manja musanakodze, osati pomaliza pokha.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi khungu lija. Mukalikokera kumbuyo potsuka muzilibwezeretsa kutsogolo nthawi yomweyo. Pali vuto lina limene madokotala amati paraphimosis, khungu limakakamira kuseri kwa mutu nkumanga ngati mphira, mutu nkuyamba kutupa, kuwawa, kusintha mtundu, magazi osayenda. Zimenezo si zodikira mawa kapena kufunsa mnzanu uja, ndi za nthawi yomweyo ku casualty. Ngati khungu likungokola pa ringi tsiku ndi tsiku bwererani kumene anakuboolani akaone, mwina ringiyo njaikulu kapena njaing'ono kwa munthu wosadulidwa, amatha kusintha iwowo ndi zida zoyera.

Kuchotsa nokha ayi, mmene mwafotokozeramu sindikuona chizindikiro choti bala lalowa tizilombo, langozunzika ndi spiriti. Mukalisamala Prince Albert imapola msanga, masabata 4 mpaka 8. Zogonana muyambe mwaiwala kaye, ganizirani kuti amene apanga mdulidwe wa kuchipatala timawauza kudikira masabata 6, inunso muli ndi bala pamalo omwewo. Za mapepalazo ndikumvetsa mantha anu, koma malamulo aakulu a dziko la South Africa, gawo 27, amanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Zikafika poipa pitani basi.

Anesi,
Ndine mayi wapabanja wa zaka 31 ndili ku Cape Town. Papita masabata atatu chibooletsereni pa kakhungu kophimba mkongo, ija yoimirira, tinagwirizana ndi abambo akunyumba. Poyamba zinali bwinobwino koma pano pakumatuluka toyera ngati chikasu pang'ono tikumaumira pa kachitsulo, komanso pamwamba patuluka kachotupa kofiira ngati kanjere ka mapira. Ndikumasamba ndi Dettol katatu patsiku ndi sopo uja wa azimayi, ndikumaizungulitsanso kuti isamatirire. Kodi ndi mafinya? Kachotupako si keloid? chifukwa mchemwali wanga khutu lake linatupa chibooleleni mpaka pano. Komanso abambo akufunsa kuti tiyamba liti kukhalira limodzi, ndipo Disembala tikubwera kumudzi tikufuna tikasambe ku nyanja ku Mangochi.
Mayi wa awiri, Cape Town

Asisi, pumani kaye, zimene mwafotokozazi sizikumveka ngati mafinya. Bala lililonse la ndolo likamapola limatulutsa timadzi toyera kapena tachikasu chotuwa, tikauma timachita ngati manthongo pa chitsulo, ndi mmene thupi limagwirira ntchito yake ndipo zimatha kupitirira mpaka bala litapoleratu. Mafinya enieni amakhala okhathamira, achikasu chenicheni kapena obiriwira, onunkha, ndipo amabwera ndi anzake, malo kutentha, kutupa kumawonjezereka m'malo mochepa, ululu wogunda ngati mtima, nthawi zina mwanabere m'mphechepeche ndi kutentha thupi. Ngati zimenezi palibe nde kuti mukungotsuka mopitirira muyeso.

Dettol kumaliseche kwa mayi ayi ndithu, ndi ndolo kapena popanda ndolo. Kumeneko kuli tizilombo tabwino timene timateteza malowo, mukatipha ndi mankhwala amphamvu ndi sopo wonunkhira chotsatira chake ndi kuyabwa ndi mauka, nde muganize mauka pamwamba pa bala. Madzi oyera posamba ndi saline kawiri patsiku basi, mmene ndawauzira achimwene a ku Johannesburg aja. Kuzungulitsa kuja siyani, ndi malangizo akale amene anthu ankapatsana pa ndolo za m'makutu, chitsulo chabwino sichimatirira ku thupi. Ndipo ndikukaikira kuti kachotupa kanu kabwera chifukwa cha zomwezi, Dettol, kugwiragwira, mwinanso jinzi yothina kapena panti wa lesi amene amakola pa kampira ka pamwamba. Totupa totere tofiira tonyowa timatuluka bala likamasautsidwa ndipo nthawi zambiri timaphwa tokha pakapita masabata angapo chosautsacho chikachoka. Musakafinye, musakaboole, musakamange ndi ulusi.

Za keloid mwachita bwino kufunsa chifukwa ife akhungu lakuda timachita zipsera zotukumuka zimenezi kuposa azungu ndipo zimayenda m'magazi, nde za mchemwali wanuzo si zonyozera. Koma keloid siituluka pa masabata atatu, imabwera pakapita miyezi, imakhala yolimba, yosalala, nkumakula kupitirira malire a bala, ndipo kumaliseche siichitika kawirikawiri ngati pakhutu, pachifuwa kapena paphewa. Kachotupako kakamakula, kakalimba, kapena pakatha mwezi osasintha mutasiya zonsezi, kaonetseni kwa dokotala. Funsaninso amene anakuboolani kuti chitsulocho nchamtundu wanji. Chabwino ndi titanium ija imaikidwanso m'thupi pa opaleshoni, kapena golide weniweni wa 14 karat kupita m'mwamba. Zitsulo zotchipa zimakhala ndi nickel ndipo anthu ambiri, makamaka azimayi, khungu lawo limadana naye, ngati ndolo za kumsika kapena bakulo ya lamba zimakuyabwitsani nde mudziwe kuti muli m'gulu lomwelo.

Nthawi ya kumwezi muzisintha padi pafupipafupi kuti pasakhale chinyezi, tsitsi muzidula ndi sizasi osati lezala pafupi ndi bala, ndipo mankhwala aja azimayi timapatsana oika kumusi kuti kuume kapena kuthine, amenewo asayandikire nkomwe.

Kwa abambo akunyumba, auzeni kuti ndolo ya pamalo amenewo imapola pa masabata 4 mpaka 8, ndipo poti yanu yasautsidwa muwerengere cha kumapetoko. Ine ndinganene kuti dikirani mpaka kachotupa kaphwe ndipo pogwira pasamawawe. Mukayamba, modekha, ndi kondomu mpaka bala litapoleratu olo muli pabanja lokhulupirika, chifukwa nkhani si ya matenda opatsirana pogonana okha, thupi la mnzako lili ndi tizilombo take timene pakhungu labwino sitivuta koma pabala timavuta. Malovu asafikepo, m'kamwa mwa munthu muli tizilombo tambiri zedi. Zoterereritsa zikhale zija zamadzi, osati Vaseline kapena mafuta odzola chifukwa mafuta amaononga kondomu nkuphulika, ndiponso mudziwe kuti chitsulo pachokha chimatha kung'amba kondomu, nde muziionetsetsa. Mukamaliza tsukani ndi saline. Pakawawa lekani, mwamuna amene munagwirizana naye pobooletsa agwirizanenso nanu podikira.

Kunyanja, ngati pofika Disembala papita miyezi iwiri ndipo palibenso chotuluka kapena kuwawa, ndolo siikuletsani. Bala likadali laliwisi musalowe m'nyanja, mu swimming pool kapena kukhala m'bafa lodzaza madzi. Ndipo poti mwatchula Mangochi, likodzo lilipo m'malo ambiri a m'mbali mwa nyanja, limalowa olo pakhungu lopanda bala, nde mukakasamba mudzakumbuke kukayezetsa pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Anesi chonde ndithandizeni,
Ndili ndi zaka 22 ndimakhala ku Lilongwe. Tinaona pa TikTok nde mnzanga anati amatha, anatiboola atatu kunyumba kwake ndi singano yosokera anaiotcha pa kandulo nkupukuta ndi spiriti, singano yake imodzi yomweyo, ine ndinali womaliza. Anandiboola pa mlomo wakunja wa kumaliseche nkuikapo ndolo ya m'khutu yogula kumsika. Lero ndi tsiku la 6, mbali yonseyo yatupa yalimba moti kuyenda ndikuyenda motang'adza, pakutuluka zachikasu zonunkha, kandolo kakumbuyo kaja sikakuonekanso kalowa mkati, ndili ndi mwanabere ndipo usiku ndimanjenjemera. Kunyumba ndanama kuti ndi malungo. Ndagula Bactrim pa okala. Ndipange bwanji anthu asadziwe?
Wamantha, Lilongwe

Mwana wanga, kalata yako ndinakuyankha kale pa foni tsiku lomwe inafika, ndikuibwereza pano chifukwa ndikudziwa kuti si iwe wekha. Zako si zochizira kunyumba. Kutupa kolimba, mafinya onunkha, mwanabere ndi kunjenjemera zikutanthauza kuti tizilombo talowa ndipo tayamba kufalikira, mwina mkatimo mwachita kale chithupsa chofunika kutumbula. Pita kuchipatala lero, Kamuzu Central ilipo, Bwaila ilipo, health centre ya kufupi nawe ilipo, ndipo za boma nzaulere. Ukafika unene zoona zonse mmene wandiuziramu, usakanene za malungo chifukwa akakuyeza malungo nkukubweza vuto lenileni lili pomwepo. Ukhoza kupempha kuti akuone nesi kapena dokotala wamkazi, ndipo wazaka 22 ndiwe munthu wamkulu, za kuchipinda choyezera sizipita kwa makolo ako. Ife amene tagwira ntchito ku mawodi taona zambiri, chimene chimatiwawa si kuti munthu wabwera ndi vuto la malo obisika, koma kuti wabwera mochedwa.

Usayese kukoka ndoloyo wekha. Bala la ndolo likalowa tizilombo, ukachotsa chitsulo kukamwa kwa bowo kumatha kutsekeka mafinya nkutsalira mkati, nchifukwa chake nthawi zambiri timati chisiyeni kaye mpaka wachipatala aone. Yakoyo poti ndi ndolo ya m'khutu ndipo yamira, adzaichotsa ndithu, koma achotse iwowo atabaya mankhwala ochititsa dzanzi, atsuke, aone ngati pakufunika kutumbula, akupatse maantibayotiki oyenera ndipo umalize onse olo utayamba kupeza bwino pa tsiku lachitatu. Bactrim wa pa okala utenge ukawaonetse kuti adziwe zimene wamwa kale. Ngati uli ndi shuga, uli pa ma ARV, kapena mwina uli ndi pakati, unene, chifukwa zimasintha mankhwala amene angakupatse ndiponso kwa munthu wa shuga matenda a pamalo amenewa amathamanga moopsa. Ukaona khungu likuda kapena kuchita matuza, kufiira kukukwera cha pamimba kapena m'ntchafu, chizungulire, kulephera kukodza, olo pakati pa usiku dzutsa munthu akuperekeze.

Nkhani ina ndi ya singano imodzi anthu atatu. Moto wa kandulo ndi spiriti sizitsuka singano mokwanira, malo oboolera ovomerezeka amagwiritsa singano yatsopano kwa munthu aliyense ndipo zida zina zonse amaziphika mu makina otchedwa autoclave, nthunzi ya 121 digiri kapena kuposa, ngati mmene timachitira ndi zida za ku fiyeta. Pa singano yobwerekana mumadutsa HIV, hepatitis B ndi hepatitis C, matenda a chiwindi aja, ndipo kachilombo ka hepatitis B nkolimba moti kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi sabata yathunthu. Mankhwala oteteza ku HIV aja timati PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, kwa iwe nthawi imeneyo yadutsa, nde chimene chatsala nkuyezetsa pano, nkudzayezetsanso pakatha miyezi itatu. Si kuti watenga ayi, koma tidziwe. Katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, nde mwina unalandira uli mwana, ngati buku lako la kusikelo likadalipo uone. Ufunsenso za katemera wa kafumbata. Anzako awiri aja uwauze apite nawonso, ndipo amene anakuboolayo asabooleso munthu wina, sindikunena kuti ndi woipa mtima koma akhoza kupha mnzake asakudziwa.

Kwa ena amene mukuganiza zomwezi, ndolo ya m'khutu ndi yopyapyala kwambiri, pamalo ofewa ndi oyendayenda ngati amenewa imadula nyama ngati ulusi pa sopo, ndipo njaifupi moti siisiya mpata woti malo atupe. Mlomo wakunja olo utabooledwa bwino ndi katswiri umatenga miyezi 3 kapena 4 kuti upole chifukwa umakhulana ndi zovala ndi ntchafu tsiku lonse, kuwonjezera thukuta, kabaza, minibasi.

Anesi, yanga ndi Christina, ija ya pamwamba pa chinena, ndakhala nayo miyezi isanu. Siikuwawa koma ndikuona ngati kachitsulo kakutalika ndipo khungu la pakati likupyapyala mpaka chitsulo chikuonekera mkati. Ndi bwinobwino?
Mtsikana wa ku Pretoria

Achemwali, chitsulo sichikutalika, ndi thupi limene likuchikankhira kunja pang'onopang'ono ngati mmene limachitira ndi munga. Christina imadziwika ndi vuto limeneli chifukwa siidutsa pa kanyama kolendewera koma imangoyenda pansi pa khungu, ndipo imachedwanso kupola, ena kupitirira miyezi 6. Zikafika poti chitsulo chikuonekera sizibwereranso, palibe mankhwala ake. Poti palibe mafinya kapena kutupa, pitani kwa amene anakuboolani akaichotse sabata ino khungu lisanang'ambike lokha, chifukwa likang'ambika chipsera chake chimakhala chachikulu ndipo pachinena mpamene keloid ikhoza kubwera kwa amene ali ndi magazi ake. Mukatero muzitsuka ndi saline mpaka mabowo atsekeke.

Anesi, ndili ku Leeds, ndili ndi pakati pa miyezi 6, mwana woyamba. Ndili ndi ringi pa milomo yamkati ya kumaliseche, ndinabooletsa zaka zitatu zapitazo ndipo inapola kalekale. Ndikuchita manyazi kumuuza mzamba, komanso ndamva kuti kuno akhoza kundiimba mlandu wa mdulidwe wa akazi. Ndichotse liti?
Woyembekezera, Leeds

Asisi, muuzeni mzamba ulendo wotsatira wa kusikelo, ndi bwino amve kwa inu pano kusiyana nkuti akaione muli pa bedi lochirira. Ringi yopola kale ikhoza kukhala nthawi ya pakati ngati siikukusautsani, koma miyezi yomalizayi malowo amatupa chifukwa magazi amachuluka, nde ikayamba kuthina kapena kukanikiza ichotseni. Ine ndimalangiza kuti ichoke mwezi wa 9 usanayambe, osadikira tsiku, chifukwa mwana woyamba sapangana naye munthu. Pobereka milomo imatanuka kwambiri ndipo ringi ikhoza kung'amba nyama kapena kukanda mwana, komanso imasokoneza akafuna kuika paipi ya mkodzo kapena zikafika pa opaleshoni. Ngati simutha kuitsegula nokha pitani ku situdiyo akakuchotseni ndi zida zake, musalimbane nayo ndi pulayazi. Bowo likhoza kutsekeka kapena ayi, zimenezo mudzaziona mutachira, ndipo musadzaikakamize kubwezera mabala a uchembere asanapole.

Za mlanduzo, chimene munamva chili ndi pochokera, bungwe la WHO linaika kuboola maliseche a mkazi popanda chifukwa cha chipatala m'gulu lachinayi la mdulidwe wa akazi, nchifukwa chake azamba a ku England amatha kufunsa mafunso nkulemba mu faelo. Akakufunsani kuti anakuboolani ndani, munali ndi zaka zingati, kodi anakukakamizani, muyankhe zoona zake kuti munapita nokha ku situdiyo muli munthu wamkulu. Mafunsowo cholinga chake nkuteteza atsikana amene amachitidwa zimenezi mokakamizidwa, si kukuchotserani chisamaliro. Mukaona kuyabwa, kufiira kapena zotuluka zachilendo pa ringipo nthawi ino musagule mankhwala nokha, ena mwa maantibayotiki monga doxycycline saloledwa kwa mayi wapakati, imbirani mzamba wanu kapena 111, nambala ya chithandizo cha zaumoyo ku England, tsiku lomwelo.